NYIMBO ZIOLOKA MALIRE: KODI MLATHO UMENEWU UNGASENZE ZOTANI?

Chaka ndi chaka, dzuwa likayamba kuswa mtengo mvula isanagwe, magalimoto ambirimbiri atsika m'miseu ya ku Salima ndi ku Mangochi atanyamula anyamata ndi asungwana opita kukamvera nyimbo m'mphepete mwa nyanja. Pa nsanja zomangidwa pamchenga paja sipaimba Amalawi okha ayi. Pafika oimba a ku Zambia, a ku Zimbabwe, a ku Tanzania ndi a ku South Africa, ndipo ena mwa omvera nawonso achita kuoloka malire. Akuluakulu potsegula maphwando otere akonda kunena kuti nyimbo ndizo mlatho wolumikiza maiko oyandikana. Mauwo ngokoma kuwamva, ndiponso muli choonadi m'kati mwake. Koma munthu wanzeru asanaolotse katundu wolemera pa mlatho ayamba wasuzumira kunsi, kuti adziwe amene anaumanga, kulemera kumene ungasenze, ndi pamene palowa chiswe.

ANAUMANGA NDI ANTHU A PAULENDO

Mlatho umenewu sunamangidwe ndi okonza maphwando a masiku ano, ngakhalenso ndi maboma. Anaumanga ndi amuna aja amene umphawi ndi msonkho zinawatulutsa m'midzi mwao, nanka kukagwira ntchito m'migodi ya South Africa kudzera ku Wenela, kapena m'minda ya fodya ya Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, ena nangoyenda pansi okha. Amene anabwerako anabwera ndi njinga ndi majasi, komanso ndi magitala, magalamafoni ndi mbale za nyimbo. Amene sanabwereko, aja otchedwa machona, anasiya chinenero chao ndi magule ao m'makomboni a kumeneko.

Banja la a Kachamba a kwa Singano ku Chileka lisonyeza bwino m'mene zinayendera. Anyamata awiri, Daniel ndi Donald, anakhala ndi makolo ao ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, m'zaka za m'ma 1950, ndipo kumeneko anamva kwela, maimbidwe a kachitoliro kachitsulo ochokera m'miseu ya Johannesburg. Atabwerera kwao anayamba kuimba m'miseu ya Blantyre, kumene Gerhard Kubik, munthu wa ku Austria wofufuza za nyimbo, anawapeza mu 1967, ndipo mu 1972 anakaimba mpaka ku Germany. Chotero maimbidwe obadwira ku South Africa anadzera ku Rhodesia, nakulira ku Chileka, ndipo pamene kwao kwenikweni anali atazilala, Amalawi ndiwo anawasunga.

Wailesi nayo inathandiza kwambiri. Mu 1949 kunafika wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, pakuti maonekedwe ake anali ngati sefuliya, ndipo inali kugulidwa mapaundi 5. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inali kutumikira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao, Chinyanja chili pakati pa izo. Mmodzi wa aulutsi ake, Bambo Alick Nkhata, analinso woimba wodziwika, woimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba, kotero kuti mphunzitsi wa ku Dedza ndi kalaliki wa ku Ndola anali kumva nyimbo imodzi pa ora limodzi. Apa pali chodabwitsa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko asakufuna, chinatha mu 1963 chitangokhala zaka khumi. Koma umodzi wa nyimbo, umene palibe anaukakamiza, ulipobe. Bambo Nkhata eni ake anafa imfa yomvetsa chisoni mu 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaoloka malire nathira nkhondo msasa wa omenyera ufulu pafupi ndi munda wao ku Mkushi. Munthu amene mau ake anali kuoloka malire mwamtendere anaphedwa ndi mfuti zimene zinaoloka malire omwewo.

Ana a machona aja ndiwo ena mwa oimba akulu a ku Zimbabwe. Bambo Nicholas Zakaria, amene anatsogolera gulu la Khiama Boys, ndi Bambo Alick Macheso, amene anaphunzira ntchito m'gulu lomwelo asanayambitse lao la Orchestra Mberikwazvo, onse awiri mizu yao ili ku Malawi, anakulira m'madera a mafamu, ndipo anaimba nyimbo zina m'Chichewa pamaso pa makamu olankhula Chishona. Tsono munthu akaona anthu a ku Lilongwe alikuvina sungura, asayese kuti ubale wayamba usiku umenewo. Phwando lingoonetsa poyera chibale chimene chinalipo kale, ndipo akulu anati chibale ndi fupa, sichiola.

PAMENE MAKOMO ANALI OTSEKA

Dziko lino litalandira ufulu mu 1964, njira za atsogoleri zinasiyana. Nduna zina zimene zinasemphana maganizo ndi Dr H. Kamuzu Banda m'chaka chomwecho zinathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. Mu 1967 Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa, pamene Dr Kenneth Kaunda ndi Mwalimu Julius Nyerere anali kusunga omenyera ufulu a kumeneko. Kwa zaka zambiri panali kukayikirana, ndipo lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linafuna kuti zoonetsa pagulu zikhale ndi chilolezo. Oimba a maiko oyandikana sanali kufika kawirikawiri monga afikira lero. Komabe wailesi siifunsidwa chiphaso pa malire: kalindula wa ku Zambia analowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980, navinidwa m'malo omwera ndi m'maukwati, ngakhale pamene akulu a maboma anali kupatsana moni wa pakamwa pokha.

M'nyengo yomweyo kunachitika phwando limene lisonyeza mphamvu ya zinthu zotere pamene khomo lili lotseka. Mu Febuluwale 1987, pa bwalo la Rufaro ku Harare, Paul Simon wa ku America anaimba pamodzi ndi Mai Miriam Makeba ndi Bambo Hugh Masekela, amene anachoka kwao, woyamba mu 1959 ndi wachiwiri mu 1960, ndipo sanali kutha kubwerera chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Popeza sakanatha kuimba ku Johannesburg, anakaimbira kwa mnansi, ndipo anthu a ku South Africa, akuda ndi oyera, anaoloka Limpopo kudzawamva. Dziko loyandikana linasanduka bwalo lokomanirapo anthu a dziko limodzi amene malamulo a kwao anawalekanitsa.

KU ZAMBIA KULIBE CHILENDO

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, nyumba za wailesi zinachuluka, ndipo pambuyo pake panabadwa maphwando akulu. La Lake of Stars linayamba ku Chintheche mu 2004, ndipo la Sand Music Festival analiyambitsa mu 2010 malemu Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024. Malemu Oliver Mtukudzi a ku Zimbabwe anabwera kuno nthawi zambiri asanamwalire mu 2019, ndipo ngakhale Amalawi ochuluka samva Chishona, anali kudzaza malo ndi kuimba nawo limodzi.

Koma kumene njira ili yopondeka koposa ndi ku Zambia, ndipo chifukwa chake nchosabisika. Woimba wa ku Lusaka akakwera pa nsanja ku Blantyre safuna womasulira, pakuti Chinyanja cha m'tauni chimene aimbamo, ngakhale nchosanganiza ndi Chibemba ndi Chingerezi, mwana wa ku Ndirande achimva ndi kuseka pamene payenera kuseka. Tauni ya Chipata ili pafupi ndi Lilongwe kuposa ndi Lusaka. Chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a maiko atatu asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu 2007 atsogoleri onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhalapo pa mwambowo. Pamalo potero phwando la nyimbo lili ngati kucheza kwa pachibale.

Dandaulo la oimba a kuno kwa nthawi yaitali linali lakuti katundu anali kuyenda mbali imodzi: nyimbo za ku Zambia zinadzaza maminibasi ndi mawailesi a kuno, pamene za kuno sizinali kumveka kwenikweni tsidya lija. Zinthu zinayamba kusintha cha mu 2020, pamene nyimbo ya Bambo Patience Namadingo yotchedwa Mapulani inakondedwa ku Zambia. Intaneti ndiyo yatsegula njira imeneyi, popeza tsopano nyimbo ifika kwa omvera woimba asanagule ndi tikiti ya basi yomwe, ndipo okonza phwando aitana munthu amene anthu ayamba kale kumuimba.

NYANJA IMODZI, MAINA AWIRI

Mayeso enieni a mlatho uwu ali kumpoto. Malawi ndi Tanzania sagwirizana za malire a panyanja. Malawi aimirira pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja mbali ya kum'mawa. Tanzania ati malire ayenera kudzera pakati pa madzi, ndipo nyanjayo aitcha Nyasa. Nkhaniyi inabuka mu 1967, nigona, niukanso mu 2012 Boma la dziko lino litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. M'chaka chimenecho andale ena a ku Tanzania anafika potchula za nkhondo. Atsogoleri opuma, motsogozedwa ndi Bambo Joaquim Chissano a ku Mozambique, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma mlanduwo sunathe.

Ngakhale zili tero, mu 2020 Diamond Platnumz, woimba wotchuka wa ku Tanzania, anaimba ku Salima pa Sand Music Festival, m'mphepete mwa nyanja yomweyo imene maboma awiri alimbirana chigawo chake cha kumpoto, ndipo khamu la Amalawi linamlandira ndi manja awiri, niliimba naye m'Chiswahili. Palibe anamfunsa dzina la nyanjayo.

Kodi zimenezi zitanthauza chiyani? Pali anthu amene afulumira kunena kuti oimba apambana pamene akazembe alephera. Kunena kotero nkukometsa nkhani. Phwandolo litatha, mapu a ku Dodoma ndi mapu a ku Lilongwe anakhalabe osiyana. Ndiponso mu Malichi 2025, pamene Boma la dziko lino linaletsa kulowetsa zakudya zina zochokera kunja pofuna kuteteza alimi ndi kusunga ndalama zakunja, Tanzania inabwezera mu Epulo poletsa zokolola za ku Malawi, ndipo malonda a pa mlatho weniweni wa pa Songwe anasokonezeka kwa masiku angapo. Amene anakonza zimenezo ndi nduna ndi alembi a m'maunduna, pokambirana ndi polemberana makalata. Panalibe nyimbo imene inatsegula chipata cha pa Songwe.

Phindu la maphwando lili pena, ndipo silichepa. Mkangano wa maboma uopsa kwambiri pamene anthu wamba a mbali ziwiri sadziwana, pakuti munthu amene sunamuonepo nkosavuta kumuyesa chilombo. Mnyamata wa ku Karonga kapena wa ku Zomba amene aloweza nyimbo za Chiswahili, nasunga chithunzi cha woimba wa ku Dar es Salaam m'foni mwake, nkovuta kumkopa kuti Mtanzania aliyense ndi mdani. Nyimbo sizigamula mlandu wa malire. Zingosunga mitima kuti isapse msanga pamene akulu ali mkati mokambirana. Kwa dziko lopanda doko, limene mafuta ake ambiri a galimoto adzera ku Dar es Salaam, kuleza mtima kotereku ndi chuma ndithu.

PAMENE MLATHO UNAGWEDEZEKA

Za ku South Africa zisonyeza mbali ina. Mu Epulo 2015 anthu obwera anachitidwa chiwembu ku Durban ndi ku Johannesburg; ena anaphedwa, ambiri anathawa m'nyumba zao, ndipo Boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mkwiyo wa maiko oyandikana unagwera pa zinthu za ku South Africa zimene zinali pafupi. Kuno anthu ananyanyala masitolo a eni ake a kumeneko. Ku Lusaka wailesi ya QFM inaleka kuulutsa nyimbo za ku South Africa, ndipo gulu la Big Nuz la ku Durban linalephera kukaimba ku Bulawayo. Mu Seputembala 2019 chiwawa chitabukanso, Zambia inakana kusewera mpira wa ubale ndi South Africa, ndipo Tiwa Savage wa ku Nigeria anakana kukaimba ku Johannesburg.

Oimba a ku South Africa sanaphe munthu, komabe ndiwo anayamba kulipa. Munthu sangavine nyimbo ya dziko limene mbale wake wathamangitsidwako dzulo lake. Apa paoneka kuti mlatho wa nyimbo utsamira pa m'mene mlendo wosauka, womanga nyumba kapena wogulitsa pamsika, asungidwira tsidya lina. Pamenepo pakagumuka, nsanja nayo igwa. Chotonthoza nchakuti sukhalitsa uli wothyoka. Pa phwando lomwe lija la ku Salima mu 2020 panaimbanso Master KG wa ku South Africa, mwini nyimbo ya Jerusalema, patangopita chaka chimodzi chichitikire chiwawa cha 2019, ndipo anthu anavina.

Dziko lino nalo lili ndi alendo ake osauka. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene kale kunali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 kuli msasa wa othawa kwao, mlakatuli wa ku Congo, Bambo Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, anayambitsa phwando la Tumaini mu 2014. Kulowa nkwaulere, ndipo Amalawi amene sakanapondako phazi apita kukamva ng'oma za Aburundi ndi magitala a Akongo. Amene adandaula za kasungidwe ka Amalawi ku Durban achita bwino kukaonako.

NDALAMA NDI ZIPHASO

Chiswe choopsa kwambiri pa mlatho uwu sindicho ndale ayi, koma ndalama. Woimba wakunja afuna malipiro ake m'madola kapena m'marandi, pamodzi ndi ulendo wa ndege ndi malo ogona a gulu lake lonse, pamene wokonza phwando atolera makwacha pakhomo. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Tsono mtengo wa tikiti ukwera kufikira mphunzitsi wa pulaimale, amene malipiro ake ayenera kufika kumapeto a mwezi, angomvera kunja kwa mpanda. Mlatho umene aolokapo olemera okha sulumikiza mitundu ya anthu. Ndipo funso limene anthu ena afunsa, lakuti kodi nkoyenera kutulutsa ndalama zakunja chifukwa cha usiku umodzi pamene mankhwala ndi feteleza zifuna ndalama zomwezo, si funso lopusa. Yankho lake lolungama ndi limodzi: ngati phwando likoka alendo odzagona m'mahotela ndi kugula nsomba ndi ziboliboli, ndiponso ngati oimba a kuno nawo aitanidwa tsidya lina nabwera ndi madola, ndalamazo zibwerera. Popanda zimenezo, mtolo utuluka osalowanso.

Pali dandaulo linanso limene limveka kawirikawiri kwa oimba a m'dziko muno, lakuti pa phwando la kwao komwe apatsidwa malipiro ochepa, naikidwa kuimba anthu asanasonkhane, kapena kudulidwa nthawi kuti mlendo akwere. Mlendo ndi mame, ayenera kulandiridwa bwino. Koma mwini mudzi wonyoza ana ake pamaso pa mlendo aphunzitsa mlendoyo kuwanyoza. Wokonza phwando wa ku Lusaka sangalipe bwino woimba amene ku Lilongwe aimba dzuwa lili pamutu, mipando ili yopanda anthu.

M'zinthu izi antchito a Boma ali ndi mbali yaikulu kuposa m'mene ambiri aganizira. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia a nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera ndi Bambo Hakainde Hichilema, anatsegula chipata cha Mchinji ndi Mwami, kumene wapaulendo aima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Chinamangidwira malonda, koma gulu loimba lonyamula ng'oma, magitala ndi zokuzira mau lipindula nacho chimodzimodzi. Chotsala ndicho kuti malamulo a chilolezo chodzaimba, a msonkho wa malipiro, ndi a kulowetsa zida zimene zidzatulukanso akhale omveka, olembedwa poyera, ndi ofanana mbali zonse ziwiri. Bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo kuyambira 1992, liyeneranso kulimbitsa mapangano ndi mabungwe anzake, kuti nyimbo ya Mmalawi ikaulutsidwa ku Kitwe kapena ku Mbeya mwini wake alandirepo kanthu. Malawi akhala pa misonkhano ya mgwirizano ndi aliyense wa anansi ake, kumene akambirana za malonda, miseu ndi chitetezo. Nkhani ya oimba ingathe kulowa pa mndandanda womwewo popanda kuononga ndalama zambiri. Aphunzitsi nawo, pa phunziro la zaluso, angathe kufunsa ana kumene nyimbo zimene akonda zichokera, ndi kuwasonyeza pa mapu; ana ambiri adziwa Tanzania ndi Zambia mwa oimba asanawadziwe mwa buku.

MNANSI WOIWALIKA

Patsala mnansi mmodzi amene sanatchulidwe kwenikweni, ndipo ndiye amene malire ake ndi dziko lino ngaatali koposa. Mozambique izinga Malawi kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo. Anthu a ku Tete ndi a ku Niassa alankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chisena, ndipo pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992 anthu a kumeneko okwana ngati miliyoni imodzi anasungidwa m'dziko muno. Komabe pa nsanja za kuno oimba a ku Mozambique aoneka mwa apo ndi apo. Chipwitikizi chilekanitsa maofesi ndi mawailesi, ndipo oimba otchuka a dzikolo ambiri ali ku Maputo, kutali kumwera, kumene maso ao apenya ku Johannesburg ndi ku Lisbon.

Koma si onse ali ku Maputo. Ku Lichinga kunabadwa gulu la Massukos, loimba m'zinenero za ku Niassa, Chinyanja ndi Chiyao zili pomwepo. Mtsogoleri wake, Bambo Feliciano dos Santos, analandira mphotho ya Goldman mu 2008 chifukwa chophunzitsa anthu a m'midzi za madzi abwino ndi zimbudzi pogwiritsa ntchito nyimbo, ndipo gululo linaimbapo mpaka ku Ulaya. Amalawi ambiri amene angatchule oimba khumi a ku Johannesburg sanamvepo dzina lake. Kuchokera ku Lichinga, kudzera pa Mandimba ndi pa Chiponde, kufika pa mchenga wa ku Mangochi, ndi ulendo wa tsiku limodzi pa galimoto.